Nyimbo imodzi sachezera gule: mabuku a makatuni ndi indie rock zipatsidwe malo m'gulu lino

Nkhani ya sabata ino ikanda pang'ono, koma pirirani mpaka kumapeto. Pali chizolowezi chimene chamera mizu pakati pathu ndipo chikutisaukitsa. Wina akafunsa kuti awerenge chiyani mwezi uno, mayankho timawadziwa tisanawaone: Things Fall Apart, Animal Farm, Nthondo, Kukula ndi Mwambo. Onsewa ndi mabuku abwino, palibe akutsutsa. Koma wachinyamata angoyerekeza kutchula buku la makatuni, kapena kuika chimbale cha gulu loimba ndi magitala, nkhope zimasintha. Wina amvekere kuno si ku nazale. Wina akuti phokoso la azungu tisalibweretse pakati pa anthu ophunzira. Mwanayo amachita manyazi, n'kukhala chete, ndipo pakatha miyezi iwiri timangoona kuti anatuluka m'gulu.

Munthu amene amati amakonda zolembalemba koma n'kumanyoza buku asanalitsegule, chimene amakonda ndi silabasi. Gulu limene limangobwereza mabuku omwe tinalembera mayeso a MSCE lasanduka kalasi ya obwereza. Akuluakulu anati nyimbo imodzi sachezera gule, koma ife tachezera nayo imodzi yomweyo mpaka ovina ayamba kuthawa. Ndiye lero ndabwera ndi mabuku anayi a makatuni ndi zimbale zingapo za indie rock zotuluka zaka zaposachedwazi, pamodzi ndi mayankho kwa amene ayamba kale kukwinya nkhope.

Tiyambe ndi zoti makatuni ndi a ana. Mu 1992 buku la Art Spiegelman lotchedwa Maus linalandira mphoto yapadera ya Pulitzer. M'bukuli mlembi akufotokoza momwe bambo ake, Vladek, anapulumukira ku Auschwitz, ndipo Ayuda anawajambula ngati mbewa, Ajeremani ngati amphaka. Mu Januwale 2022 bodi yoyang'anira sukulu m'dera la McMinn ku Tennessee inalichotsa pa mndandanda wa mabuku a ana a giredi 8, ati muli mawu otukwana ndi chithunzi cha mayi wosavala. Mwaiona nkhani yake? Kumeneko akuti bukuli ndi lolemera kwa ana, ife kuno tikuti mabuku amtunduwu ndi opepuka kwa akulu. Mbali imodzi ikunama, ndipo ndikukayikira kuti onse awiri sanawerenge bwinobwino. Komanso ife a Kalulu ndi Fisi, ife amene tinaphunzira za dyera ndi chinyengo kudzera mwa nyama zolankhula, tingadabwe bwanji kuona mbewa itasenza mbiri ya mtundu wa anthu?

Amene amati zithunzi zimapangitsa wowerenga ulesi sanaganizirepo momwe tsamba la katuni limagwirira ntchito. Nkhani imagawidwa m'timabokosi, ndipo pakati pa bokosi lina ndi linzake pamakhala kampata koyera. Scott McCloud anafotokoza bwino za kampata kameneka m'buku lake la 1993, Understanding Comics. Tiyerekeze kuti m'bokosi loyamba mayi ali pa depoti, mwana ali kumsana, akutsanzikana ndi mwamuna amene akukwera basi. M'bokosi lachiwiri mayi yemweyo ali pa depoti yomweyo, kumutu kwachita imvi, ndipo pambali pake paima mnyamata womuposa msinkhu. Palibe liwu ngakhale limodzi. Zaka makumi awiri za kudikira, makalata amene sanabwere, fizi yovuta, zonsezo mwazilemba ndinu owerenga, mu kampata kaja. Ndi luso lomwelo limene timalifuna m'nkhani zazifupi, lodziwa chosiya osanena. Ambirife timalephera pomwepa. Timafotokoza chilichonse mpaka wowerenga alibenso ntchito.

Ndipo tisamanamizire kuti izi n'zachilendo kwa ife. Amene munakula ndi nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, nenani zoona: munkayamba tsamba liti? Joza wa Vic Kasinja, Pewani wa Brian Hara, kenako Amtchona wa James Kazembe, awa anali anthu a m'nyumba zathu. Abambo ankaseka okha pakhonde asanafike n'komwe pa nkhani za ndale. Chimene chatisowa ndi buku lalitali la mtunduwu, lamasamba mazana awiri kapena atatu, m'chilankhulo chathu. Silingabadwe ngati alembi ndi ojambula athu sanaonepo momwe anzawo akuchitira kwina.

Buku loyamba ndi Feeding Ghosts la Tessa Hulls, lotuluka mu 2024. Mu 2025 linapata mphoto ya Pulitzer m'gawo la mabuku ofotokoza moyo wa mlembi mwini, likupikisana ndi mabuku a mawu okhaokha. Ndi nkhani ya amayi atatu: agogo, mayi ndi mdzukulu. Agogowo, a Sun Yi, anali mtolankhani ku Shanghai. Boma la chikomyunisti litawavutitsa kwa zaka, anathawira ku Hong Kong mu 1957 ndi mwana wawo wamkazi Rose, n'kulemba buku la zomwe anaona. Ndalama za bukulo zinalipirira mwana sukulu, koma iwo mutu unasokonekera ndipo sanachirenso. Hulls anakulira ku California m'nyumba imene agogo odwalawo ankakhala, ndipo zinamutengera zaka pafupifupi khumi kuti ajambule zimene banja silinkakamba. Mantha amawajambula ngati mizukwa yakuda yolowa m'thupi la mayi kuchoka kwa agogo. Kuno kwathu alipo mabanja amene agogo awo anadutsa ku Mikuyu kapena ku Dzaleka m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mpaka lero nkhaniyo siikambidwa pa mphasa. Mdzukulu amene akufuna kulemba za chete ameneyu ayambe waona buku ili.

Lachiwiri ndi Ducks la Kate Beaton, la 2022, losindikizidwa ndi kampani ya Drawn & Quarterly ya ku Montreal. Beaton ndi wa ku Cape Breton, chilumba cha kum'mawa kwa Canada komwe ntchito ndi zosowa ndipo achinyamata amakula akudziwa kuti tsiku lina adzachoka. Atamaliza yunivesite ali ndi ngongole ya fizi, anapita mu 2005 kukagwira ntchito ku migodi ya mafuta ya ku Alberta, m'makampu momwe akazi anali owerengeka pakati pa amuna ochuluka zedi. Akufotokoza mawu achipongwe a tsiku ndi tsiku, akufotokozanso kugwiriridwa, koma sajambula amunawo ngati zilombo basi. Akutionetsa abambo osungulumwa, otopa, amene kwawo ndi anthu aulemu koma kampu yawasintha. Dzina la bukuli likuchokera pa abakha a m'tchire mazanamazana amene anafa mu 2008 atatera pa dziwe la zinyalala za mgodi. Mu 2023 linapambana mpikisano wa Canada Reads. Inu amene agogo anu anapita ku Theba ndi ku Wenela, inu amene mchimwene wanu ali ku Joni ndipo amangotumiza ndalama osanena momwe akugonera, bukuli likukamba zimene mumazidziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kuli chipale chofewa.

Lachitatu ndi My Favorite Thing Is Monsters la Emil Ferris. Gawo loyamba linatuluka mu 2017, lachiwiri mu 2024, onse ku kampani ya Fantagraphics. Mtsikana wa zaka khumi, Karen Reyes, akukhala ku Chicago chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, amadziona ngati kachilombo ka m'mafilimu oopsa, ndipo akufufuza imfa ya mayi woyandikana nawo nyumba, Anka, amene anapulumuka m'manja mwa a Nazi. Chimene ndikufuna ojambula athu amve ndi ichi: bukuli linajambulidwa kwambiri ndi zolembera wamba za Bic, ndipo masamba ake amaoneka ngati kope la kusukulu, mizere ndi timabowo ta m'mbali zonse zilipo. Ferris analumidwa ndi udzudzu ali ndi zaka 40, n'kudwala matenda a West Nile amene anamupuwalitsa miyendo ndi dzanja lojambulira, ndipo anachita kuphunziranso kugwira cholembera. Ndiye mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Chibavi asatiuze kuti akudikira kaye kompyuta yapamwamba. Cholembera ndi kope zili pa okala iliyonse.

Lachinayi ndi la kuno ku Africa, Aya de Yopougon, lolembedwa ndi Marguerite Abouet wa ku Abidjan ndi kujambulidwa ndi Clément Oubrerie. Linayamba mu 2005, n'kulandira mphoto pa chikondwerero cha makatuni cha ku Angoulême mu 2006, ndipo patapita zaka zoposa khumi chilekereni, Abouet anabwereranso ndi gawo latsopano mu 2022, lomwe m'Chingerezi linatuluka mu 2024 ndi dzina loti Aya: Claws Come Out. Muli atsikana atatu, Aya, Adjoua ndi Bintou, mimba yosadziwika mwini wake, bambo wa banja lachiwiri lobisa, mwana wa bwana wopanda nzeru, miseche ya pa saluni. Mudzaseka mpaka nthiti kuwawa, ndipo mudzaona kuti nkhani ya mu tauni ya ku Africa ikhoza kuyenda popanda nkhondo kapena njala. Kumapeto kwa buku amaikako matanthauzo a mawu a m'misewu ya Abidjan, kaphikidwe ka ndiwo, ngakhale kamangidwe ka nsalu. Sanachite manyazi ndi chilankhulo cha pa msika. Ife bwanji timafuna anthu a m'nkhani zathu azilankhula ngati akuwerenga uthenga wa pa maliro?

Tsopano ku nyimbo, komwe ndikudziwa kuti ndodo zachuluka. Funso loyamba ndi lakuti gulu la zolembalemba likufuna chiyani ku magitala. Yankho lili m'nthano zimene agogo ankatisimbira madzulo. Ndi nthano iti yabwino imene inalibe nyimbo pakati? Wosimba ankayambitsa, ife n'kuvomera, ndipo nthawi zambiri chinsinsi chonse cha nkhaniyo chinali m'nyimbomo. Alakatuli athu ambiri lero timawadziwa pa wailesi ndi pa foni tisanawaone pa pepala. Allan Namoko ndi banjo yake anali wosimba nkhani, Daniel Kachamba ndi gitala lake chimodzimodzi. Khoma limene tamanga pakati pa mawu olembedwa ndi mawu oimbidwa tinalitenga m'kalasi. Ngakhale a komiti ya Nobel anapereka mphoto ya zolembalemba kwa Bob Dylan mu 2016. Mukhoza kutsutsana nawo, ambiri anatsutsa, koma kutsutsako ndiye ntchito ya gulu ngati lino. Kuletsa nkhaniyo ndi kuthawa ntchito.

Liwu loti indie likuchokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza kudziimira pawekha. Msika wa nyimbo padziko lonse uli m'manja mwa makampani atatu akuluakulu, Universal, Sony ndi Warner. Kunja kwa atatuwa kuli timakampani ting'onoting'ono ngati Matador, Sub Pop, Domino, 4AD ndi Rough Trade, komanso oimba ongodzijambulira okha m'chipinda. Nyimbo zawo kawirikawiri sizisalala ngati za pa wailesi zamalonda, mawu a woimba nthawi zina amanjenjemera, koma woimbayo amakhala ndi ufulu wonena zimene akufuna m'njira imene akufuna. Mlembi wa Chichewa amene amasindikiza yekha mabuku mazana awiri n'kumagulitsa ali m'chikwama, ameneyu ndi indie weniweni, kaya akudziwa kaya sakudziwa. Awa ndi abale ake pa ntchito.

Funso lachiwiri ndi lija la phokoso la azungu. Abale, tangowolokani malire ku Mchinji. M'zaka za m'ma 1970 ku Zambia kunabuka nyimbo zotchedwa Zamrock, magitala olira mokalipa osakaniza ndi ng'oma za kwawo, ndipo zinakula kwambiri boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti wailesi iziimba kwambiri nyimbo za m'dzikomo. Kunali Amanaz ndi chimbale chawo Africa cha 1975. Kunali Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, amene nyimbo zina ankaimba m'Chinyanja chimene inu ndi ine timamva popanda womasulira. Mu 2024 woimba wa ku America Tyler, the Creator anatenga chidutswa cha nyimbo ya Ngozi Family yotchedwa Nizakupanga Ngozi n'kumangirapo nyimbo yake Noid. Achinyamata a ku Los Angeles ndi ku London akhala akuimba mawu a chilankhulo chathu osadziwa tanthauzo lake, pamene ife eni ake tikuti rock ndi ya azungu. Si zochititsa manyazi zimenezi?

Choncho chimbale choyamba chimene ndikukupemphani mumvere ndi Zango cha gulu la WITCH, cha 2023. Gululi linali lotchuka kwambiri pa Zamrock, koma chuma cha Zambia chitagwa pamodzi ndi mtengo wa kopa, ndipo oimba ambiri a nthawiyo atamwalira, linazimirira. Mtsogoleri wake, Emmanuel Jagari Chanda, anakakhala mphunzitsi, kenako wokumba miyala yamtengo wapatali. Kampani yaing'ono ya ku America, Now-Again, itatulutsanso zimbale zawo zakale, dziko linawakumbukira, ndipo Zango chinabwera patatha zaka pafupifupi 40 gululi lisanatulutse chimbale chatsopano. Muli Sampa the Great ngati mlendo. Mu 2025 anawonjezera china, Sogolo. Mvetserani momwe nkhalamba imeneyi ikusinthira chilankhulo pakati pa nyimbo osapepesa kwa aliyense.

Chachiwiri ndi Funeral for Justice cha Mdou Moctar, cha 2024, ku kampani ya Matador. Moctar ndi Mtuareg wa ku Niger, amaimba gitala ndi dzanja lamanzere, ndipo gitala lake loyamba anapanga yekha ndi thabwa ndi mawaya a mabuleki a njinga. Nyimbo zake zoyambirira zinafala m'chipululu cha Sahara kudzera m'mafoni, anthu akupatsirana pa Bluetooth ndi pa memori khadi, monga timachitira kuno. Amaimba m'chilankhulo cha Tamasheq. Nyimbo ya Imouhar ikudandaulira anthu a mtundu wake kuti asataye chilankhulo chawo, ndipo ya Oh France ikuloza chala dziko limene linkawalamulira. Asilikali atalanda boma ku Niger mu Julayi 2023, gululi linali pa ulendo woimba ku America ndipo linakanika kubwerera kwawo kwa kanthawi. Munthu uyu akudzaza maholo ku Ulaya ndi ku America osasintha chilankhulo. Inu amene mumati kulemba m'Chichewa n'kudzitsekera m'khola, mumuyankha chiyani?

Kuchokera ku America komweko, mverani magulu a kum'mwera kwa dzikolo. Wednesday ndi gulu la ku Asheville, North Carolina, lotsogozedwa ndi Karly Hartzman, ndipo zimbale zake Rat Saw God cha 2023 ndi Bleeds cha 2025 zili ngati mabuku a nkhani zazifupi. Hartzman amalemba za tauni yaing'ono: anansi okangana, apolisi pakhomo la nyumba yoyandikana, achinyamata oledzera pamalo oimika magalimoto. MJ Lenderman, amene waimba gitala m'gulu lomweli, anatulutsa Manning Fireworks mu 2024, chodzaza ndi amuna olephera moyo, odzitama ndi tizinthu togula pomwe m'nyumba mwatsala okha, ndipo umaseka kenako n'kumva chisoni. Katie Crutchfield, amene amadzitcha Waxahatchee potengera dzina la mtsinje wa kwawo ku Alabama, anatulutsa Tigers Blood chaka chomwecho. Phunziro kwa alakatuli athu ndi limodzi: anthu awa amatchula malo ndi zinthu ndi maina ake. Ife ndakatulo zathu zambiri zimachitikira m'dziko lopanda dzina, momwe muli duwa, mtima ndi misozi basi. Mulibe minibasi ya ku Area 25, mulibe chiwaya cha tchipisi, mulibe ngongole ya pa okala.

Ku Ireland kuli Fontaines D.C., anyamata amene anakumana pa koleji ya nyimbo ku Dublin ndipo chimene chinawagwirizanitsa poyamba ndi ndakatulo. Anasindikiza timabuku ta ndakatulo asanatulutse chimbale chilichonse. Woimba wawo, Grian Chatten, amatchula mawu monga amalankhulira anthu a ku Dublin, sayesa kumveka ngati wa ku London kapena New York. Chimbale chawo cha 2024 ndi Romance, koma amene mukufuna kumva mzinda ukulankhula yambani ndi choyamba, Dogrel cha 2019.

Chomaliza ndi Diamond Jubilee cha Cindy Lee, dzina limene amagwiritsa ntchito Patrick Flegel wa ku Canada. Chili ndi nyimbo 32, pafupifupi maola awiri, ndipo chinatuluka mu Malichi 2024 m'njira yodabwitsa: pa YouTube, ndi pa tsamba la intaneti lachikalekale pomwe munthu ankatha kuchitenga n'kuponya kangachepe ngati akufuna. Pa Spotify sanachiike. Komabe magazini ya Pitchfork inachisankha kukhala chimbale choposa zonse cha chakacho. Nkhaniyi ili ndi mano, chifukwa mu 2024 momwemo Spotify inayamba lamulo loti nyimbo imene siinamvedwe kokwana 1,000 pa chaka siilandira kalikonse. Wamng'ono amatsala ndi mbale yopanda kanthu, ndalama yake n'kugawidwa kwa akuluakulu. Aliyense amene amalemba kapena kuimba m'chilankhulo cha anthu ochepa pa intaneti ayenera kudziwa momwe misika imeneyi imagwirira ntchito, asanayambe kulota.

Tsopano pali chitsutso chimodzi chimene ndimachilemekeza, cha ndalama. Mabuku amenewa amagulidwa ndi madola kapena mapaundi, ndi olemera, ndipo kuwatumiza kuno kumadya ndalama ina. Bandulo nayo siichedwa kutha ukamamvera chimbale cha maola awiri. Zimenezi n'zoona. Koma taonani, m'gulu lino tilimo anthu ambiri, a ku Karonga mpaka ku Nsanje. Amayi a m'misika anatiphunzitsa kale chipereganyu ndi banki m'khonde. Anthu khumi a mu mzinda umodzi akasonkha, buku limodzi ligulidwa, liziyenda dzanja ndi dzanja, aliyense sabata ziwiri, kenako likwere basi kupita kwa anzathu a ku Mzuzu kapena ku Zomba. Tili ndi abale ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Leeds, amene amabwera pa Khirisimasi ndi masutikesi a nsapato. Buku limodzi silingalepheretse ndege kunyamuka. Tikhozanso kulembera a National Library Service, ngati gulu, kuwapempha kuti akamagula kapena kulandira mabuku aziganizirako amtunduwu. Nyimbo ndiye zosavuta: zambiri mwa zimbalezi eni ake anaziika okha pa YouTube ndi pa Bandcamp, pomwe munthu amatha kumvera asanagule.

Chimene sindingavomereze ndi yankho lathu la masiku onse lija: ndani ali ndi PDF? Ife tomwe timalira kuti mabuku athu akujambulidwa pa fotokope, ife tomwe timadandaula kuti oimba athu anasauka chifukwa cha owotcha nyimbo, ndipo timafunsa kuti a COSOMA ali kuti, ndife oyamba kupempha buku la mnzathu laulere. Mayi amene anaphunziranso kugwira cholembera atapuwala, n'kujambula masamba mazanamazana mzere umodziumodzi, ife n'kumuba ndi chala chimodzi? Ngati sitingathe kugula, tibwerekane logulidwa. Kusauka sikutipatsa chilolezo chochitira ena zimene timadana nazo zikamachitikira ife.

Kwa inu achinyamata amene mumakonda zinthuzi, nanunso muli ndi mbali yanu. Kuponya linki n'kulemba kuti iyi ndi moto, sikulimbikitsa munthu kuwerenga kapena kumvera. Mukatero mukuwapatsa zifukwa amene amati zanuzo n'zopanda mutu. Tiuzeni kuti bukulo likukamba chiyani, wajambula motani, ndi tsamba liti limene linakuimitsani. Tiuzeni nyimbo yoyambira, chifukwa chake, ndi chimene sichinakukomereni. Nenaninso amene sichingamukomere: Ducks muli nkhani za kugwiriridwa, Wednesday nthawi zina amakuwa mpaka makutu kuwawa, Diamond Jubilee n'chachitali ndipo chimamveka ngati kaseti yakale. Kuuza mnzako chowerenga ndi mtundu wa kulemba, ndipo kumafuna thukuta lofanana ndi la ndakatulo.

Kwa akuluakulu oyendetsa gulu, pempho langa ndi laling'ono. Sabata imodzi pa mwezi ikhale ya buku la makatuni limodzi ndi chimbale chimodzi, zosankhidwa ndi membala amene alembe ndime zosachepera zitatu kufotokoza chifukwa chake. Amene sakufuna asawerenge, palibe akukakamizidwa. Koma amene akufuna kutsutsa ayambe watsegula buku kapena wamvera nyimbo zitatu, ndipo atiuze chimene wapeza. Mawu oti za ana ndi oti za azungu asawerengedwenso ngati mfundo.

Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Achebe amene timamutchula sabata iliyonse anawerenga mabuku a alendo, ena anakangana nawo, n'kulemba lake. Penapake m'gulu lino muli mtsikana amene amajambula kumapeto kwa kope la masamu, ndi mnyamata amene ali ndi gitala la zingwe zinayi ndi ndakatulo zimene sanaonetse munthu. Buku loyamba lalitali la makatuni m'Chichewa likhoza kuchokera kwa ameneyo, ngati sitimuthamangitsa ndi kuseka kwathu. Mwezi wamawa ndikupempha tiyambe ndi Aya ndi Zango. Amene muli ndi buku la Aya, kaya la Chingerezi kaya la Chifalansa, dzitchuleni ndipo munene boma limene muli, tione poyambira.